Tikutenga shopu yogulitsanso mowa ku Leicester, malamulo ake akuti chiyani?

Nabanda

Moni nonse abale. Ine ndi amuna anga tagwirizana ndi mwini kashopu kena kuno ku Leicester kuti titenge bizinesi yake mwezi wamawa. Ndi golosale wamba wa pakona: buledi, mkaka, fodya, zakumwa, zamagetsi zing'onozing'ono monga machaja ndi maketulo, ndipo khoma limodzi lonse ndi la mowa. Tikufuna kuwonjezeramo zakwathu, ufa, nyemba, tsabola wa Nali ndi zina zotero.

Mwini wake akuti laisensi ya mowa ilipo kale, ife kwathu n'kungolowa ndi kupitiriza. Koma mtima wanga sukukhazikika. Kodi laisensiyo imatsala ndi nyumba kapena imapita ndi munthu? Chachiwiri, sukulu ya sekondale ili pafupi kwambiri, ndipo ana a kuno ena matupi awo ndi aakulu kuposa ine. Wantchito akalakwitsa n'kugulitsa mowa kwa mwana, mlandu umakhala wa ndani, ndipo tingapewe bwanji? Komanso pachitseko pali chikwangwani chonena kuti katundu akagulidwa sabwezedwa. Tichisiye kapena tichichotse? Amene mukudziwa bwino zimenezi tithandizeni tisanasaine.

aPhiri_Notts

Mayi Nabanda, mwachita bwino kufunsa musanasaine. Mawu akuti laisensi ilipo kale ndi oona theka lokha.

Ku England ndi Wales lamulo lake ndi Licensing Act 2003, ndipo ziphaso zake ndi ziwiri. Choyamba ndi premises licence. Imeneyi ndi ya malowo, koma imakhala m'dzina la munthu kapena kampani, choncho iyenera kusamutsidwa kuti ibwere m'dzina lanu. Mumalemba fomu ku nthambi ya ziphaso ya khonsolo, mwini wakale amasaina pepala lovomereza, mumalipira £23, ndipo apolisi amapatsidwa masiku 14 oti atsutse ngati ali ndi chifukwa. Pa fomuyo pali malo opempha kuti kusamutsako kuyambe kugwira ntchito nthawi yomweyo; pamenepo musaiwale kuchonga. Chachiwiri ndi personal licence, ya munthu payekha. Mmodzi wa inu awiri achite kosi ya Level 2 ya eni ziphaso za mowa, atenge kalata ya DBS yatsopano (yoonetsa ngati ali ndi mbiri ya milandu), akhale ndi umboni woti ali ndi ufulu wogwira ntchito m'dziko muno, n'kulipira £37 ku khonsolo ya komwe amakhala. Akaipeza, dzina lake lilembedwe pa laisensi ya shopu ngati woyang'anira malonda a mowa, amene amamutcha DPS, ndipo kusinthako ndi £23 ina.

Apa ndi pamene ambiri amagwera m'dzenje. Mwini wakale kawirikawiri ndiye amakhala DPS, ndipo ali ndi ufulu wolembera khonsolo kuti amuchotse. Akatero inu musanaikepo wina, botolo lililonse lomwe mungagulitse ndi mlandu, chilango chake mpaka miyezi 6 kundende kapena chindapusa chopanda malire. Ndiye kosi ija muyambe sabata ino, osadikira makiyi.

Pemphaninso kuona laisensi yonse, osati katsamba kachidule kopachika kukhoma. Kumapeto kwake kumakhala zoyenera kutsata za malo anuwo pawokha: maola ogulitsira mowa, masiku osungira zithunzi za CCTV, mwina kuletsa kugulitsa chitini chimodzi chimodzi kapena mowa wa m'zitini wopitirira mphamvu yakutiyakuti. Zimenezi mukatenga shopu zimakhala zanu, kaya mwaziwerenga kaya ayi. Mufunsenso ku khonsolo ngati ndalama ya pachaka inalipidwa, chifukwa ikapanda kulipidwa laisensi amaiimitsa.

Tsopano nkhani ya ana, yomwe ndiyo yaikulu. Gawo 146 la Licensing Act ija likuti kugulitsa mowa kwa munthu wosakwana zaka 18 ndi mlandu, ndipo woyamba kugwidwa ndi amene wagulitsayo, munthu wa pakauntala. Apolisi akhoza kumupatsa chindapusa cha pomwepo cha £90, kapena kumutengera kukhoti komwe chindapusa chilibe malire. Koma sizithera pa iye. Zikachitika kawiri pa malo amodzi m'miyezi itatu yotsatizana, gawo 147A limagwira mwini laisensi, ngakhale tsikulo anali kumudzi kumaliro. Khoti likhoza kumulipitsa ndi kuimitsa malonda a mowa mpaka miyezi itatu. Kapena apolisi ndi a Trading Standards, nthambi ya khonsolo yoyang'anira malamulo a malonda, amakupatsani mwayi wosankha kusiya kugulitsa mowa kwa nthawi ya pakati pa maola 48 ndi masiku 14 m'malo mopita kukhoti. Pamwamba pa izo akhoza kupempha khonsolo kuti iunikenso laisensi yanu, ndipo komiti ili ndi mphamvu yochotsa DPS, kuwonjezera zoletsa, kapena kulanda laisensiyo basi. Kashopu ka pakona kakasiya kugulitsa mowa, lendi imayamba kuvuta.

Kunena kuti "ndimaona ngati ndi wamkulu" sikupulumutsa munthu pakokha. Lamulo limafuna kuti wogulitsa akhale kuti anakhulupiriradi kuti wogulayo wakwana 18, ndipo kuwonjezera apo anapempha chiphaso chimene munthu wanzeru zake akanakhutira nacho, kapena maonekedwe a wogulayo anali oti palibe akanamukayikira. Njira yachiwiriyi musaidalire, chifukwa mwana amene a Trading Standards amamutuma kudzakuyesani amamujambula tsiku lomwelo, ndipo chithunzicho chikafika pamaso pa majisitireti amaoneka mwana ndithu.

N'chifukwa chake mashopu amatsata Challenge 25. Aliyense wooneka wosakwana zaka 25 amafunsidwa chiphaso. Ku England lamulo limangokakamiza kuti mukhale ndi ndondomeko yotsimikizira zaka, koma makhonsolo ambiri amalemba 25 pa laisensi penipeni, ndipo ku Scotland ndi lamulo kuyambira 2011. Nzeru yake ndi yoti diso limanama. Kusiyanitsa wa zaka 17 ndi wa 19 palibe angathe, koma wa 17 kuti aoneke wa 25 ndi zosowa. Safunsa anadya phula.

Chiphaso chovomerezeka chikhale ndi chithunzi, tsiku lobadwa, ndi chizindikiro chonyezimira chija cha hologram kapena chooneka ndi nyali ya UV. Zodziwika ndi pasipoti, laisensi yoyendetsera galimoto ya chithunzi ngakhale ya wophunzira, khadi lotsimikizira zaka lokhala ndi chizindikiro cha PASS, ndi chiphaso cha asilikali. Khadi la sukulu ayi, khadi la banki ayi, chithunzi cha pasipoti chojambula m'foni ayi. Ndipo kaonedwe kake ndi kofunika kuposa mndandandawo. Wogula atulutse khadilo m'chikwama, wogulitsa aligwire m'manja. Alipapase: laisensi yeniyeni ya kuno ili ndi zilembo zina zotumphuka zomveka ku chala, ndipo pamene pamatidwa chithunzi china pamamveka kampanda. Ayang'ane chithunzi, ayang'ane nkhope, osati tsitsi kapena zodzola, koma mphuno, makutu ndi chibwano. Makhadi abodza alipo, koma chofala kwambiri ndi khadi lenileni la mkulu wake kapena msuweni. Akakayika afunse postcode kapena dzina lapakati, wobwereka amazengereza. Pomaliza awerengere tsiku lonse, osati chaka chokha. Wobadwa mu December sanakwane zaka mu March ngakhale chaka chikugwirizana. Makina ambiri a pakauntala amaonetsa tsiku lomalizira lobadwa lovomerezeka. Ngati anu saonetsa, lembani pakapepala m'mawa uliwonse n'kumata pambali pa sikirini. Ma laisensi a ku America amayamba ndi mwezi kenako tsiku, pamenepo anthu amasokonezeka.

Chimene chimateteza inu eni ake ndi mapepala. Lamulo limamasula munthu woimbidwa mlandu wa gawo 146 chifukwa cha kulakwa kwa mnzake ngati aonetsa kuti anachita zonse zotheka kupewa, ndipo kuonetsako kumafuna umboni wolembedwa. Wantchito aliyense aphunzitsidwe asanagwire makina tsiku loyamba, asaine, tsiku lilembedwe, ndipo muzibwereza miyezi 6 iliyonse. DPS alembe kalata yotchula mayina a onse amene wawalola kugulitsa mowa. Pakhale kope lolembamo aliyense amene mwamukaniza: tsiku, nthawi, chomwe amafuna, maonekedwe ake mwachidule, chifukwa, ndi dzina la wokaniza. DPS aziliwerenga sabata iliyonse n'kusaina. Kope limenelo limakuuzani zambiri. Mukaona kuti Lachisanu madzulo, pafupi ndi sukulu, wantchito wina miyezi iwiri sanakanizepo munthu, dziwani kuti sakufunsa. Kope loyera mbee, kapena lodzazidwa tsiku limodzi ndi cholembera chimodzi, woyendera amalizindikira msanga.

NaChisale

Achemwali, za mowa aPhiri afotokoza mokwanira. Ine ndiyankhe za chikwangwani chija: chichotseni tsiku lomwe mwalandira makiyi. Kuuza kasitomala kuti alibe ufulu umene lamulo limamupatsa ndi kumusocheretsa, ndipo a Trading Standards akhoza kukuimbani mlandu pa chikwangwani chokhacho, ngakhale musanakanize munthu.

Lamulo lake ndi Consumer Rights Act 2015. Katundu aliyense amene mwagulitsa ayenera kukhala wabwino moyenera mtengo wake, wogwira ntchito imene anapangidwira, komanso wofanana ndi momwe mwamufotokozera. Mgwirizano uli pakati pa inu ndi wogula. Ketulo ikafa, simungamuuze kuti akadandaule ku kampani yopanga kapena ku holoselo. Mumuthandize inuyo, kenako mukalimbane ndi amene anakugulitsani.

Nthawi zake zili chonchi. M'masiku 30 oyamba, katundu akapezeka ndi vuto, wogula ali ndi ufulu womubweza n'kulandira ndalama zake zonse. Simungamukakamize kutenga ina kapena kumupatsa pepala loti adzagulire china. Ndalamazo zibwerere m'njira yomwe analipirira, wa khadi pa khadi, wa kashi pamanja, pasanathe masiku 14 kuchokera pamene mwavomereza. Pa zinthu zowonongeka msanga monga mkaka, nthawiyo ndi yofupika molingana ndi moyo wa chinthucho. Masiku 30 akadutsa mumapatsidwa mpata umodzi wokonza kapena kusintha. Zikakanika, wogula asankha kuchotseredwa mtengo kapena kubweza katunduyo. M'miyezi 6 yoyamba, akapempha kukonzeredwa kapena kusinthiridwa, lamulo limatenga kuti vutolo linalipo kale pogula, ndipo ndi inu muyenera kuonetsa kuti waononga yekha. Ikadutsa miyezi 6, umboni uchokere kwa iye. Lisiti si umboni wokhawo wogulira. Sitetimenti ya banki yoonetsa dzina la shopu yanu ndi yokwanira.

Kumbali yanu nakonso kuli chitetezo. Munthu akangosintha maganizo, katundu alibe vuto, ndipo anagula ali m'shopu momwemo, simukakamizidwa kumubwezera. Masiku 14 osinthira maganizo amene anthu amakonda kutchula aja ndi a zogula pa intaneti kapena pa foni. Ndiye mukhoza kupachika chikwangwani chonena kuti katundu wopanda vuto simulandira, bola chinenenso poyera kuti ufulu wa wogula pa katundu wowonongeka uli pomwepo. Koma mukalonjeza zoposa lamulo, monga kusintha chilichonse m'masiku 7, lonjezolo likumangani.

Pa mitengo, chinthu chilichonse chikhale ndi mtengo wooneka, VAT ili momwemo, kuti munthu asachite kufunsa. Shopu yosapitirira masikweya mita 280 sikakamizidwa kulemba mtengo wa pa kilo kapena pa lita pa katundu wa m'mapaketi, koma zoyeza pamaso pa kasitomala zimafuna mtengo wa pa kilo. Mtengo wa pashelefu ukasiyana ndi wa m'makina chifukwa cholakwitsa, lamulo silikukakamizani kugulitsa pa mtengo wotsikawo. Mukhoza kupepesa, kuchotsa katunduyo n'kukonza. Chomwe simungachite ndi kusiya kapepala kolakwikako kuti mawa kakopenso wina. Vutoli limabwera kwambiri mukachokera ku holoselo mitengo itakwera: wina amasintha m'makina, za pashelefu n'kuiwala. Chizolowezi chabwino n'chakuti katundu wokwera mtengo muyambe mwasintha pashelefu kenako m'makina, wotsika muyambe m'makina. Mukatero kasitomala sangalipire zoposa zimene waona. Zitini zosindikizidwa mtengo pathupi musagulitse mokwera kuposa pamenepo, ndipo za m'paketi ya zambiri musamasule n'kumagulitsa chimodzi chimodzi ngati zilibe zolemba zonse pachokha. Kuwonjezera kandalama chifukwa munthu walipira ndi khadi kunaletsedwa kuyambira January 2018. Jumbo ya pulasitiki yotaya ndi 10p kapena kuposa, ndipo kuyambira May 2021 zimenezi zikukhudza mashopu onse ku England, aang'ono omwe.

Za chakudya, mulembetse bizinesi ku khonsolo m'dzina lanu masiku 28 musanayambe. N'zaulere, ndipo kulembetsa kwa mwini wakale sikukukhudzani. Masiku olembedwa pa chakudya ali mitundu iwiri. Chinthu cholembedwa use by tsiku lake likadutsa, kuchigulitsa ngakhale kungochisiya pashelefu ndi mlandu, kaya chikuoneka bwino chotani. Cholembedwa best before mukhoza kugulitsa tsiku litadutsa ngati chikadali chabwino, koma muuze wogula poyera. Firiji isapitirire madigiri 8. Ikani pa 5 kuti chitseko chikamatsegulidwatsegulidwa musadumphe malire, ndipo muziyeza m'mawa ndi madzulo n'kulemba.

Pa zakwathu zomwe mukufuna kuwonjezera ndi pamene ndikupemphani kusamala kwambiri. Paketi iliyonse ikhale ndi zolemba za Chingerezi: dzina la chakudya, zomwe zilimo, kulemera kwake, tsiku, ndi dzina ndi adiresi ya bizinesi ya kuno yoyankhira za katunduyo. Zinthu 14 zomwe zimadwalitsa anthu ena zikhale zoonekera, ndipo pa zakudya zathu zofunika kuziyang'anitsitsa ndi mtedza, soya, nsomba ndi tirigu. Nsinjiro kapena ufa wa phala wosakaniza ndi mtedza wopanda chenjezo ukhoza kupha mwana wa munthu. Mukamagula thumba la makilogalamu 25 la nyemba n'kumagawa nokha m'mapepala, sikelo yake ikhale yovomerezeka pa malonda, yokhala ndi chidindo, osati ya kukhitchini, ndipo kulemera kwa pepala lokulungira kusawerengedwe.

Nabanda

Zikomo kwambiri aPhiri ndi anaChisale, mwanditsegula maso. Kosi ija bambo a kunyumba alembetsa lero. Ndili ndi mafunso ena atatu. Mwana wathu wamwamuna ali ndi zaka 16, kodi akhoza kumatithandiza pakauntala Loweruka? Nanga kasitomala wodziwika bwino akatuma mwana wake kudzatenga mowa, atatiimbira foni kuti ndi wake, monga timachitira kumudzi? Ndiponso abale akamabwera kuchokera ku Lilongwe amanyamula Malawi Gin, ndipo anthu amaifunafuna. Tingamaike mabotolo angapo pashelefu?

Mbewe_Luton

Mayi, ndiyambe ndi lomalizalo chifukwa yankho lake ndi lalifupi: ayi. Munthu wolowa m'dziko muno amaloledwa malita 4 a mowa waukali osalipira msonkho, koma ndi womwa yekha kapena kupatsa mnzake ngati mphatso. Ukangogulitsidwa, wasanduka katundu wozembetsa msonkho. A HMRC, bungwe la boma lotolera misonkho, akhoza kulanda, ndipo kusunga katundu wotero pa malo a laisensi ndi mlandu pansi pa gawo 144 la Licensing Act, chifukwa chokwanira choti laisensi iunikidwenso. Mukaifuna gin ya kwathu, pezani woitanitsa wovomerezeka amene amapereka invoisi.

Zimenezi zikukhudza mowa wonse. Kuyambira April 2017 wogulitsa m'shopu ayenera kutsimikiza kuti holoselo yomwe akuguleko inavomerezedwa ndi HMRC pansi pa AWRS, ndondomeko yolembetsa maholoselo a mowa. Nambala yake imakhala pa invoisi. Muilowetse pa tsamba la boma, musindikize zotsatira, musunge, ndipo muzibwereza nthawi ndi nthawi chifukwa chivomerezo chimatha kulandidwa. Akubwera ndi vani pakhomo, vodka yotchipa, kashi basi, opanda pepala, muwabweze. Mu 2024 a Food Standards Agency, bungwe la boma loona za chitetezo cha chakudya, anachenjeza za vodka yabodza yopezeka m'mashopu ang'onoang'ono yomwe inali ndi isopropyl, mankhwala a m'mafakitale oti munthu akamwa akhoza kufa. Ndipo musatsitse mtengo wa mowa kufika pansi pa msonkho wake kuphatikiza VAT. Zimenezo zinaletsedwa mu 2014 ndipo zili pa laisensi iliyonse.

Za kutuma mwana, ndikudziwa kuti kwathu sizidabwitsa munthu, ngakhale kuti nakonso lamulo limati 18. Kuno musayerekeze. Amene waima pakauntala, wapereka ndalama n'kunyamula botolo ndi mwanayo, ndipo foni ya bambo ake sikakuthandizani kukhoti. Muwauze mwaulemu kuti abwere okha. Adzadandaula kuti timadziwana, mwina adzakunenani kutchalitchi kuti mwayamba matama, koma laisensi ikapita iwo adzangosamukira ku shopu ina. Kuwauziratu onse kumayambiriro n'kosavuta kusiyana ndi kudzasintha mutawazoloweza.

Vuto lalikulu pafupi ndi sukulu ndi lotembenuza: wamkulu kugulira ana. Wamkuluyo ndiye wolakwa pa gawo 149, chindapusa chake chopanda malire, koma shopu imene zimenezi zimachitikira pakhomo pake imaonedwa kuti sikuteteza ana, ndipo kuteteza ana ndi chimodzi mwa zolinga zinayi za lamulo lonseli. Zizindikiro zake sizivuta mukazolowera. Kagulu ka ana kaima panja, mmodzi walankhula ndi munthu wamkulu, munthuyo walowa. Bambo amene masiku onse amagula zitini zinayi za lager lero akufuna timabotolo totsekemera tamitundumitundu, akulipira ndi ndalama zachitsulo zosonkhetsa, kapena akulipira padera kawiri ndi kufuna chenji padera. Mtsikana mwamukaniza, pakutha mphindi zisanu wina akubwera kudzagula chinthu chomwecho. Achinyamata akalowa gulu, mmodzi yekha ali ndi chiphaso pomwe ena akusankha nawo pashelefu, funsani onse. Wina akasowa, musagulitse. Galasi la kutsogolo musalidzaze ndi mapositala mpaka osaona panja, ndipo kamera imodzi iloze pakhomo.

Mwana wanu wa zaka 16 akhoza kuthandiza, koma pa mowa gawo 153 likuti kugulitsa kulikonse kuvomerezedwe pakokha ndi mwini laisensi, DPS, kapena munthu wa zaka 18 kupita m'mwamba amene wapatsidwa mphamvuzo. Kumuuza m'mawa kuti lero uzigulitsa sikukwanira. Wamkuluyo aone wogula, aone chiphaso ngati pakufunika, avomereze, botolo lililonse. Kwa ine ndi bwino kuti asakhudze mowa n'komwe. Amene adzabwere kudzamuyesa ndi anzake a m'kalasi, ndipo kukana mnzako pamaso pa gulu ndi katundu wolemera kwa mwana. Apange za mashelefu ndi zina zopanda malire a zaka. Mufunsenso ku khonsolo za chilolezo cha ntchito ya ana, chifukwa ngati sanafike tsiku lomalizira sukulu yokakamiza la kumapeto kwa June, amafunika chilolezo ndipo maola ake ndi owerengeka, bizinesi ikhale ya makolo ake omwe.

Ndondomeko yomweyo ya 25 muigwiritse pa zonse za zaka 18: fodya ndi mapepala ake, ma vape, lotale ndi makhadi okanda, mipeni, gasi wa malaitala, zophulitsa za pa chikondwerero. Penti wopopera ndi 16. Ma vape otaya mukatha kusuta analetsedwa pa 1 June 2025, ndiye pochita kuwerengera katundu wa mwini wakale muyang'ane pansi pa kauntala ndi kuseri, musamulipire zinthu zoti simungagulitse.

aPhiri_Notts

Zonse zomwe anena aMbewe n'zoona, koma pa magulu ndionjezepo pang'ono kuti musapitirire muyeso. Mayi wobwera ndi mwana wake wa zaka 12 kudzagula za pakhomo, vinyo ali m'basiketi, si wogulira ana. Mashopu ena amakaniza anthu otere n'kutaya makasitomala abwino pachabe. Chofunika kuyang'ana ndi amene wasankha mowawo, amene watulutsa ndalama, ndi mtundu wa chakumwacho.

Wantchito aphunzitsidwenso kakanidwe, chifukwa ambiri amagulitsa chifukwa cha mantha kapena manyazi, osati kusadziwa lamulo. Achotse botolo pakauntala kaye, aliike kumbuyo, kenako alankhule. Asanene kuti "ukuoneka mwana", anene kuti lamulo la shopu ndi loti popanda chiphaso sangagulitse, ndipo iye akhoza kulipitsidwa. Aloze chikwangwani cha Challenge 25, chomwe chiyenera kukhala pakhomo, pashelefu ya mowa ndi pakauntala. Asakangane, asafunse kuti uli ndi zaka zingati chifukwa yankho la pakamwa si umboni. Ndipo inu eni ake musadzagwetse chigamulo cha wantchito pamaso pa kasitomala, ngakhale mukumudziwa munthuyo kuti ndi wa zaka 22. Mukatero kamodzi, wantchitoyo sadzafunsanso. Zomwezi zigwire pa munthu woledzera kale: kumugulitsa ndi mlandu wa gawo 141, chindapusa mpaka £1,000.

Makina a pakauntala muwakonze kuti mowa ukadutsa aime mpaka wogulitsa ayankhe. Koma dziwani kuti pakapita milungu yochepa chala chimazolowera kudina osayang'ana n'komwe nkhope, makamaka nthawi yoweruka ana mzere utatalika. Ngati makina anu amalola, sankhani kuti azifuna kulowetsa tsiku lobadwa m'malo mwa batani limodzi. Mukhozanso kudziyesa nokha: tumani wachibale wa zaka 18 kapena 19 amene antchito sakumudziwa akagule, muone ngati afunsidwa. Musatume wosakwana 18, mphamvu imeneyo ndi ya apolisi ndi a Trading Standards okha.

Tsiku lomwe mwalephera mayeso enieni, ofisala amalowa mwanayo atangotuluka, amadzidziwitsa, n'kupempha laisensi, kope la okanizidwa ndi mapepala a maphunziro nthawi yomweyo. Zonsezi zikhale mu fayilo imodzi pansi pa kauntala, wantchito aliyense adziwe pomwe ili. Musalembe chilichonse chobwezera masiku m'mbuyo, ndipo sungani zithunzi za CCTV za tsikulo. Mukaitanidwa kukafunsidwa mafunso mutachenjezedwa kuti zonena zanu zikhoza kukhala umboni kukhoti, pitani ndi loya wodziwa za ziphaso. Kawirikawiri amabweranso miyezi itatu ija isanathe, choncho sabata yomweyo phunzitsaninso onse, ndipo wogulitsa uja asakhale yekha pakauntala mpaka mutakhutira naye.

Mayi Nabanda, musanasaine imbirani nthambi ya ziphaso ya Leicester City Council muwafunse ngati laisensi ya malowo inaunikidwapo kale kapena ili ndi ngongole, ndipo loya wanu alembe mu mgwirizano kuti mwini wakale akhalabe DPS mpaka personal licence ya bambo itatuluka.